Kalata Yotseguka: Ana Athu Aulumali Akatuluka Sukulu Akupita Kuti?

Olemekezeka a Nduna ya Zamaphunziro,
Olemekezeka a Nduna yoona za anthu aulumali,
Akuluakulu a mabungwe a MANEB, TEVETA ndi MACODA,
Mabwanamkubwa a maboma onse,

Ndikupereka moni kwa nonsenu mwaulemu, ndipo ndikhulupirira kuti kalatayi ikupezani muli bwino pa ntchito yolemera imene dziko linakusenzetsani. Ine ndine mphunzitsi wa ana aulumali. Ntchitoyi ndinaiphunzira ku koleji ya Montfort ku Nguludi, m'boma la Chiradzulu, ndipo ndakhala zaka zambiri m'chipinda cha risosi, chimene ana aulumali amalandiriramo thandizo lapadera pa maphunziro, pa sukulu ina ya pulaimale ya kumudzi. Ndasankha kulemba poyera chifukwa zimene ndinene pano si zanga ndekha. Ndimazimva kwa aphunzitsi anzanga tikakumana ku TDC, malo amene aphunzitsi a m'dera amasonkhanirako, ndimazimvanso kwa makolo pa tsiku lotsekera sukulu. Eni ake a nkhaniyi, anyamata ndi atsikana amene tinawaphunzitsa, ayeneranso kudziwa kuti pali wina amene wawafunsira.

Nkhani yake ndi iyi. Mwana waulumali m'dziko muno timamuunika kawiri. Koyamba ndi pamene akulowa sukulu, kuti tidziwe ngati vuto lake ndi la maso, la makutu, la miyendo kapena la kaphunziridwe, tione pomukhazika m'kalasi. Kachiwiri ndi pa mayeso a MANEB, ngati wafika n'komwe pamenepo. Pa kalendala ya sukulu palibe tsiku loti tikhale pansi ndi mwanayo ndi makolo ake n'kumufunsa kuti: iwe ukachoka pano udzadya chiyani, udzakhala ndi yani, ukutha chiyani kale, ndipo chatsala n'chiyani choti tikuphunzitse nthawi ikadalipo? Mwana amene tavutika naye zaka 8, ena zaka 12, amatuluka pa geti tsiku lomaliza atanyamula chikwama chokha. Palibe pepala lonena zimene akutha, palibe ofesi imene ikumuyembekeza.

Sindikunena kuti boma lagona. Kuchokera mu 1994, pamene sukulu ya pulaimale inakhala yaulere, ana ambiri amene kale ankabisidwa m'nyumba anaona khomo la kalasi. Mu 2009 dziko lathu linavomereza pangano la United Nations la ufulu wa anthu aulumali, lomwe gawo 24 limakamba za maphunziro, gawo 27 za ntchito, ndipo gawo 19 za ufulu wa munthu wokhala pakati pa anzake mwa kusankha kwake. Tinakhala ndi lamulo la anthu aulumali la 2012. Tinakhala ndi ndondomeko ya maphunziro ophatikiza ana onse ya 2017 mpaka 2021. Mu 2024 kunabwera lamulo latsopano la anthu aulumali, lomwe linasintha MACOHA, bungwe la boma loona za anthu aulumali lomwe linakhalapo kuyambira 1971, kukhala MACODA. Kalembera wa 2018 anapeza kuti pa anthu 100 aliwonse a zaka 5 kupita m'mwamba, oposa 10 ali ndi ulumali wa mtundu wina, ndipo anawerenga anthu achialubino 134,636. Zonsezi zatithandiza kulowetsa ana m'sukulu. Kuwatulutsa bwino ndiye kwatikanika, ndipo madandaulo anga ali pamenepo.

Loyamba ndi lakuti timawerenga ana akakhala m'kalasi, koma akatuluka timawataya. Chaka ndi chaka timalemba pa fomu ya kalembera wa sukulu kuti osaona bwino alipo angati, osamva angati, ovutika kuphunzira angati. Mafomuwo amapita kwa a PEA, alangizi a sukulu za pulaimale m'dera, kenako ku ofesi ya maphunziro ya m'boma, mpaka ku likulu. Koma chiyambire ntchito palibe amene anandifunsapo kuti amene anamaliza chaka chatha ali kuti ndipo akuchita chiyani. Ndikafuna kudziwa ndimachita kufunsa kwa azing'ono awo, ndipo yankho lake nthawi zambiri limakhala limodzimodzi: "Angokhala kunyumba." Ena mwa iwo anafika kwa ife osatha kumanga mabatani a malaya, natuluka akulemba dzina lawo ndi kuwerenga ndalama. Akakhala pakhonde zaka ziwiri osachita kanthu, zambiri zimene anaphunzira zimafufutika. Ndalama zonse zimene boma ndi makolo analowetsa mwa mwana ameneyo zimathera pakhondepo.

Lachiwiri likukhudza inu a MANEB, ndipo ndiyambe ndi kuthokoza. Mapepala a mayeso a zilembo za Braille, a zilembo zikuluzikulu, ndi nthawi yoonjezera zathandiza ana ambiri osaona ndi oona movutikira kufika ku sekondale. Vuto ndi lakuti mayeso a Sitandade 8 ndiwo muyeso wokhawo umene dziko limauzindikira kwa mwana wa pulaimale, pamene pali gulu lalikulu la ana amene sadzakhoza mayeso amenewo ngakhale titawapatsa tsiku lonse. Ndikunena za ana amene ubongo wawo umagwira zinthu pang'onopang'ono, amene anavulala pobadwa, kapena amene malungo aakulu anawasiyira chilema ali aang'ono. Ana amenewa amabwereza Sitandade 3, kubwereza Sitandade 4, mpaka ndevu kumera ali pa benchi limodzi ndi ana a zaka 10, kenako manyazi amawachotsa.

Ndinaphunzitsapo mnyamata wotere. Kuwerenga ndime ya Chingerezi sankatha, ndipo sindikhulupirira kuti akanadzatha. Koma mukamupatsa njinga yophwa tayala, iye ankachotsa chubu, kupeza pobooka ndi madzi a m'beseni, kumata, kubwezera, n'kuongolanso masipoko amene mwini njinga sanawaone kuti apindika. Ankadziwa mtengo wa ntchito iliyonse ndipo chenji sankalakwitsa. Pa msika wa kwathu pamaima anyamata a kabaza ochuluka, ndipo njinga zawo zimaonongeka tsiku lililonse. Mnyamatayu anafunika miyezi ingapo pafupi ndi mmisiri, bokosi la zipangizo, ndi munthu womuyendera poyamba kuti anthu asamamubere. Palibe amene analemba zimenezi paliponse. Pa lipoti lake la sukulu panangolembedwa kuti walephera. Lero amatungira anthu madzi ndi kuwazira nkhuni, malipiro ake n'kukhala mkute wa dzulo. Olemekezeka, ulumali wake suli ndi mlandu pa zimenezi. Tinamuyeza ndi muyeso umodzi, utakana tinamusiya.

Ndipo khomo la luso nalo ndi lopapatiza. Kuti munthu alowe maphunziro a TEVETA a m'makoleji akuluakulu a ntchito zamanja amafunika satifiketi ya MSCE. Makoleji a m'madera amene anayamba kutsegulidwa mu 2015 anabweretsa maphunziro pafupi ndi anthu, koma mnyamata wopanda pepala lililonse, amene sangathe kuwerenga chidziwitso cha mu nyuzipepala kapena kulemba kalata yofunsira malo, adzafikako bwanji popanda womugwira dzanja?

Lachitatu ndi la ana osamva, ndipo pano ndikhalitsapo chifukwa ndi pamene kuunika kolakwika kumapweteka kwambiri. Tili ndi sukulu za ana osamva monga Mary View ku Nguludi, Mountain View ku Bvumbwe, Mua ku Dedza, Embangweni ku Mzimba, Bandawe ku Nkhata Bay ndi ina ku Karonga. Kumeneko mwana amayamba ndi makalasi okonzekera asanalowe Sitandade 1, choncho pomaliza pulaimale amakhala wamkulu kale, wina ali pafupi ndi zaka 18. Amakhala atazolowera kuphunzira ndi kucheza m'chinenero cha manja. Akakhoza mayeso amatumizidwa ku sekondale kumene aphunzitsi ambiri sadziwa chinenerocho, ndipo womasulira kulibe. Mphunzitsi amalankhula atayang'ana pa bolodi. Mwana amakopera manotsi a mnzake, mawu amene tanthauzo lake palibe amene wamufotokozera.

Mtsikana wina amene ndikumudziwa anali wotsogola m'kalasi mwake ku pulaimale, wochenjera pa masamu, wokonda kufunsa mafunso mpaka manja kutopa. Atafika ku sekondale ina, malipoti ake anayamba kunena kuti salimbikira ndiponso kuti ndi wamwano chifukwa sayankha akamuitana. Pofika Folomu 2 anasiya. Sukulu imene ankapitako sinalandire kalata iliyonse yonena kuti kukubwera mwana wotere, amaphunzira motere, amafunika kukhala kutsogolo ndi kuona nkhope ya mphunzitsi, ndipo popanda womasulira palibe chimene adzatole. Aphunzitsi ake sindikuwaimba mlandu, chifukwa nawonso anangomuona atafika. Chimene ndikunena n'chakuti mwana wosamva mukamuunika ndi pakamwa, chimene mwayeza si nzeru zake koma makutu ake, omwe mukudziwa kale kuti samva. Zomwezo zimachitika kuchipatala, ku polisi ndi kwa amfumu, kumene wachibale amayankha mafunso onse mwini wake atangokhala.

Ana osaona a ku Chilanga ku Kasungu, a ku Lulwe ku Nsanje ndi a m'zipinda za risosi amakumana ndi khoma lawolawo. Amatha Braille bwinobwino, koma amafika ku sekondale kapena ku koleji asanagwirepo kompyuta yolankhula, ndipo ena asanaphunzitsidwe kuyenda okha ndi ndodo pa malo achilendo. Za ana osamva ndi osaona nthawi imodzi, monga amene amaphunzira ku Chisombezi, ndi ochepa mwa ife aphunzitsi amene angathe n'kulankhulana nawo komwe.

Lachinayi: pamene tayesako kuganizira za tsogolo la mwana, timamusankhira ntchito poyang'ana ulumali wake, osati iyeyo. Wosamva apite ku utelala. Wosaona akaluke. Wa miyendo akasoke nsapato. Ntchito zimenezi ndi zolemekezeka, ndipo malo monga Magomero, sukulu ya luso ya ku Lilongwe, ya osaona ya ku Mulanje ndi fakitale yoluka ya ku Bangwe atukula anthu ambiri. Koma malowa ndi ochepa poyerekeza ndi chiwerengero cha achinyamata amene akutuluka m'sukulu, ndipo msika unasintha. Telala wa pa khonde la golosale akupikisana ndi kaunjika. Mtsikana amene timamuphunzitsa kusoka popanda kufunsa ngati kwawo kuli omusoketsa, ndiponso popanda makina opita nawo kunyumba, tamupatsa satifiketi yoika m'sutikesi. Kumudzi lero anthu akupeza ndalama ndi nkhuku, mbuzi, njuchi, dimba, kumeta, kuluka tsitsi, kukonza mafoni ndi magetsi a sola. Kuunika koona kumayang'ana mwana, kumayang'ananso msika wa kwawo.

Kumafunikanso kumufunsa mwanayo. Ichi chimaoneka chaching'ono koma ndi chimene timachilumpha kwambiri. Ndamvapo ana akunena kuti akufuna kudzakhala namwino, loya, dalaivala, m'busa, ndipo akuluakulu amaseka mwachifundo n'kusintha nkhani. Zina mwa zofunazo sizingatheke, inde, koma kuseri kwake kumakhala chinthu choti n'kugwirapo: wofuna udalaivala mwina amakonda injini, wofuna unamwino mwina ali ndi mtima wosamala ana ndi okalamba. Zina zimatheka ndithu. Ku yunivesite ya Malawi ku Zomba kwatuluka anthu osaona amene lero akuphunzitsa m'masekondale. Malemu mayi Rachel Kachaje ankayenda pa njinga ya olumala ndipo anafika pokhala nduna ya boma. Mu 2021 a Overstone Kondowe anakhala munthu woyamba wachialubino kusankhidwa kukhala phungu wa Nyumba ya Malamulo. Akanakhala kuti anthu awa anasankhiridwa ntchito ndi munthu wongoyang'ana thupi lawo, dziko likanataya zambiri. N'chifukwa chake ndikuchenjeza pasadakhale kuti kuunika kumene ndikupempha kusadzasanduke njira yochotsera mwana m'kalasi ya maphunziro n'kumukankhira ku ntchito zamanja chifukwa choti ndi zosavuta kwa ife.

Lachisanu ndi limene makolo amalinena motsitsa mawu. Ukulu si ntchito yokha. Malamulo oyendetsera dziko atasinthidwa mu 2017, munthu amatuluka mu gulu la ana akakwanitsa zaka 18. Kodi pofika tsiku limenelo mwana wathu akutha kukwera minibasi yekha n'kutsika pamalo oyenera? Akudziwa kuti nambala yachinsinsi ya Mpamba kapena Airtel Money sauza munthu, ngakhale wachibale? Ali ndi chiphaso cha unzika, chimene munthu amayenera kulandira pa zaka 16, chimene popanda icho sangalembetse nambala ya foni, kutsegula buku ku banki kapena kulembetsa kuti adzavote? Wa khunyu akudziwa dzina la mankhwala ake, tsiku lokatenga ena, ndi chifukwa chake sayenera kuphika pa moto kapena kupalasa bwato ali yekha? Wachialubino tamuthandiza kusankha ntchito ya pamthunzi, popeza dzuwa la kumunda ndi la pa msika ndilo limabweretsa khansa ya pakhungu, ndipo taganizira za njira imene azidzayenda popita ku ntchitoyo, pokumbukira nkhanza zimene abale athuwa akhala akuchitiridwa? Palibe limodzi mwa mafunso amenewa limene lili pa lipoti la sukulu.

Za atsikana ndiye zimandisowetsa tulo. Makolo athu ankadziwa kuti munthu salowa mu ukulu mwangozi, n'chifukwa chake kunali anankungwi ndi chinamwali, ndipo m'mipingo muli alangizi. Koma ndaona mtsikana wosamva atakhazikidwa pa mphasa pamodzi ndi anzake, malangizo onse n'kumudutsa. Ndaona wina wovutika kuphunzira akusiyidwa kunyumba chifukwa akuti "ameneyu ndi mwana, sangamve." Thupi lake silidikira kuti anthu avomereze kuti wakula, ndipo amuna oipa mtima amadziwa bwino lomwe mtsikana amene sangathe kukanena. Tikadzazindikira amakhala ali ndi pathupi, mwina ndi kachilombo, ndipo mlandu umathera pa bwalo la pabanja chifukwa akuti umboni wake sumveka. Kudziwa za msambo, za kulera, za HIV, kudziwa kukana ndi kudziwa kokanena ndi zinthu zoyenera kuunikidwa ndi kuphunzitsidwa m'njira imene mwanayo angamve, asanachoke m'manja mwathu. Anyamata nawonso ayenera kuphunzitsidwa malire, chifukwa ena amamenyedwa kapena kumangidwa pa zinthu zimene palibe anawafotokozerapo.

Lomaliza ndi la maofesi anu. Mwana akakhala pa sukulu ndi wa Unduna wa Zamaphunziro. Akatuluka, luso lili ndi TEVETA, ulumali uli ndi MACODA, chisamaliro chili ndi ofesi ya zachisamaliro cha anthu, mankhwala ali ndi a zaumoyo. Aliyense ali ndi fomu yake, ndipo kholo limayamba nkhani pachiyambi pa khomo lililonse, litalipira thiransipoti ya anthu awiri. Mtukula Pakhomo, amene anayamba ku Mchinji mu 2006, amathandiza banja losaukitsitsa lopanda wogwira ntchito, ndipo ndi wofunika, koma sanapangidwe kuti aimike mnyamata wa zaka 19 payekha. Funso limene amayi ambiri amandifunsa tikatsala awiri ndi lakuti, "Aphunzitsi, ine ndikadzafa, mwanayu adzakhala ndi yani?" Funso limeneli lili ndi mayankho ake enieni: munda uti udzakhala wake, mwinimbumba wavomera kapena ayi, mchemwali uti adzamuyang'anira, amfumu akudziwa. Koma mayankhowo amafunika kukambidwa mayi akadali moyo, pali mboni, ndi kulembedwa.

Chitsanzo tili nacho kale m'nyumba iliyonse. Buku la kuchipatala limayenda ndi mwini wake. Dokotala wa ku Nsanje akalemba, wa ku Chitipa amawerenga n'kupitiriza pamene mnzake analekezera. Mayi wa kumudzi amalisunga m'pepala la pulasitiki chifukwa amadziwa mtengo wake. Ngati tinakwanitsa zimenezi pa katemera ndi malungo, tingakwanitsenso buku lonena za luso ndi zosowa za wachinyamata waulumali.

Mwina mudzati ndalama palibe. Ndikudziwa kuti aphunzitsi a ana aulumali ndife ochepa, ndipo anzathu oyendayenda amasamalira sukulu zambiri ndi njinga yakapalasa. Koma zambiri zimene ndikupempha ndi tsiku lokhala pansi, kabuku, thiransipoti, ndi lamulo lonena kuti ntchitoyi ndi ya uje. Olemba anthu ntchito amapereka kale msonkho wa TEVETA wa 1 peresenti ya malipiro a antchito awo. Lamulo la 2012 linakhazikitsa thumba la ndalama zothandizira anthu aulumali. Maiko ena anaona kale kufunika kwake: ku America lamulo limakakamiza sukulu kukhala ndi ndondomeko yokonzekeretsa mwana waulumali moyo wa ukulu pofika zaka 16, ku England ndondomeko ya mwana wotere imatha kumutsatira mpaka zaka 25, ndipo anansi athu a ku South Africa anakhazikitsa mu 2014 ndondomeko imodzi younikira ndi kuthandizira ana m'sukulu zonse. Sindikupempha kuti tikopere zawo. Kwathu kuno mbuzi, dimba ndi mwinimbumba ziyenera kulowa m'ndondomekoyo.

Choncho, mwaulemu, ndikupempha izi:

1. Unduna wa Zamaphunziro ulamule kuti mwana aliyense waulumali aziunikidwa za moyo wa ukulu kuyambira pa zaka 14, ndipo zizibwerezedwa chaka chilichonse mpaka atatuluka sukulu. Tiziyendera zaka za mwana, osati kalasi, chifukwa tikadikira Sitandade 8 ambiri amakhala atasiya kale. Amene anasiya sukulu asanakwanitse zaka 18 afufuzidwe kudzera mwa mafumu ndi alangizi a zaumoyo, nawonso aunikidwe.

2. Pa mkumano umenewu woyamba kulankhula akhale mwini wake, m'chinenero chimene amamva: cha manja, Braille, zithunzi, kapena Chichewa, Chitumbuka, Chiyao ndi zinenero zina za kwawo. Zofuna zake zilembedwe monga wanenera, ngakhale akuluakulu asakugwirizana nazo. Pakhale kholo kapena womulera, mwinimbumba kumene mwambo uli wotero, mphunzitsi wake, wa MACODA wa m'deralo, wa zachisamaliro cha anthu ndi wa zaumoyo. Mtsikana apatsidwe mpata wolankhula ndi mayi wodalirika payekha, popanda achibale.

3. Kuunikaku kusathere pa desiki. Mwana aonedwe pa msika akugula, pa depoti akukwera, kumunda, kukhitchini, ndipo asanatuluke sukulu akhale masabata angapo pa ntchito ya mmisiri wa m'dera lake. Mmisiriyo apatsidwe kangachepe ndipo anene zimene waona. Munthu amene wagwira naye ntchito mwezi wathunthu amamudziwa kuposa ife amene timamuona ndi choko m'manja.

4. Zotsatira zilembedwe m'buku limodzi lovomerezeka ndi maunduna onse, lokhala m'manja mwa wachinyamatayo. Lizinena zimene akutha, thandizo limene amafuna, ndi dzina la ofesi imene ichite chakutichakuti pofika mwezi wakuti. Za matenda ndi za m'banja zisaululidwe kwa olemba ntchito popanda chilolezo chake.

5. MANEB ndi TEVETA akhazikitse satifiketi ya luso ndi ya kudzidalira ya ana amene sadzalemba mayeso a Sitandade 8, ndipo bukuli lizilandiridwa polowa maphunziro a luso m'malo mwa MSCE pa ntchito zimene sizifuna MSCE kwenikweni. Makoleji a luso asunge malo a achinyamata aulumali, akhale ndi omasulira chinenero cha manja, ndipo womaliza atuluke ndi zipangizo zoyambira.

6. Sekondale iliyonse yolandira mwana wosamva kapena wosaona izilandira buku lake teremu isanayambe, ndipo womasulira kapena zipangizo za Braille zizifika mwanayo asanafike. Womasulira alembedwe ntchito ndi boma ngati wantchito wina aliyense. Mabungwe a MANAD, la anthu osamva, ndi MUB, la anthu osaona, akudziwa anthu amene angagwire ntchitoyi ndi kuphunzitsa ena.

7. A NRB, amene amapereka ziphaso za unzika, azipita ku sukulu za ana aulumali ndi ku zipinda za risosi chaka chilichonse, kuti pasakhale wa zaka 16 wotuluka wopanda chiphaso cha unzika.

8. Pakatha chaka mwana atatuluka, pakhale womuyendera n'kulemba kuti ali kuti, akuchita chiyani, ndipo zimene zinalonjezedwa m'buku zinachitika kapena ayi. Mabwanamkubwa azisonkhanitsa ziwerengero zimenezi boma ndi boma, ndipo a Nduna azizipereka ku Nyumba ya Malamulo. Pa zonse zimene ndapempha, ichi ndicho chingakuvuteni kwambiri kuchivomera, chifukwa ziwerengero zoyamba zidzakhala zochititsa manyazi. Tikuzifunabe.

9. Pokonza zonsezi muitane FEDOMA (mgwirizano wa mabungwe a anthu aulumali), PODCAM (bungwe la makolo a ana aulumali), APAM (bungwe la anthu achialubino) ndi mabungwe ena a eni ake kuyambira tsiku loyamba, osati kudzawaonetsa zomalizidwa kale ku hotela. Muyambe ndi maboma ochepa m'chaka cha sukulu chikubwerachi, limodzi kapena awiri m'chigawo chilichonse, ndipo mutiuze poyera maboma ake ndi ofesi imene itsogolere.

Kwa makolo ndi aphunzitsi anzanga amene muwerenge kalatayi: itengereni ku msonkhano wa komiti ya sukulu ndi wa makolo, muwawerengere amene sangathe kuwerenga, ndipo muimasulire m'chinenero cha manja kwa amene ikuwakhudza. Ngati pa sukulu panu pali mwana waulumali wa zaka 14, itanani makolo ake teremu ino, mutenge kope wamba, muyambe kulemba zimene akutha ndi zimene akufuna, pamene tikudikira yankho la akuluakulu.

Ine wanu pa ntchito,
Mphunzitsi wa ana aulumali